Funsani Azakhali: mtima ukamakokera kuwiri

Moni nonse, kuyambira ku Zobwe mpaka ku Zumbo. Mwezi uno mauthenga abwera ambiri, ena mavoisi a mphindi teni teni amene ndamvera ndikusenda mbatatesi, nde amene sindinakuyankheni pepani musakwiye, tsamba ndi lomweli silitambasuka. Ndasankha asanu. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse chifukwa kuno tonse timadziwana, ukangoti mwana wa uje wa ku Domwe mawa nkhani ili pa chigayo.

Azakhali moni. Ndine mnyamata wa zaka 27, kwathu ndi ku Domwe koma ndili ku Moatize, ndimagwira ntchito pa kampani ina yokonza magalimoto akuluakulu a ku mgodi. Vuto langa ndi ili, malipiro akangolowa foni siyipuma, uyu feteleza uyu yunifomu uyu mwana wadwala uyu maliro, ndimatumiza pa M-Pesa mpaka pofika pa 10 ine ndayamba kale kukongola ndiwo pa baraka. Chaka chino ndinati ndiyambe kusunga ndigule kapuloti komanso ndilembetse kosi ya madzulo, nde nditakana kutumiza ndalama ya malata amalume anandiimbira nkunena kuti tauni yandidya mutu, ndataya umunthu, ndaiwala amene anagulitsa mbuzi kuti ine ndiphunzire. Mbuzizo anagulitsadi sindikana. Usiku sindikugona. Kodi ndine wodzikonda?
Mnyamata wosowa tulo, Moatize

Mwana wanga, munthu wodzikonda amagona tulo tokoma zedi, amachita kuliza mkonono. Iwe ukugubuduka usiku wonse chifukwa mumtima mwako muli zinthu ziwiri zimene umazilemekeza ndipo zonse ndi zabwino, koma thumba ndi limodzi. Umafuna abale ako akhale bwino, umafunanso kuima pawekha, kukhala ndi khomo lako ndi pepala lako la sukulu.

Pali katswiri wina wa za maganizo a anthu, Shalom Schwartz, wa ku yunivesite ya ku Jerusalem, amene mu 1992 anatulutsa zimene anapeza atafunsa anthu m'mayiko 20 kuti kodi chimene chimatsogolera moyo wanu nchiyani. Anapeza kuti zimene anthu amaziika pamtima, zija pa Chipwitikizi timati valores, zimagwa m'magulu 10, ndipo magulu ake ndi omwewo uku ndi uku, kusiyana kwake nkwakuti chimene uyu wachiika pamwamba mnzake wachiika pansi. Ine chimene chinandigwira mtima si kuchuluka kwa maguluwo ayi koma mmene anawakhazikira, mozungulira ngati anthu pa bwalo la milandu. Oyandikana amamvana, oyang'anizana amakokana. Kusunga mwambo, kumvera ndi kusafuna kukhumudwitsa anthu, komanso kufuna chitetezo, izi zakhala mbali imodzi, moyang'anizana nazo kwakhala kudzisankhira wekha njira ndi kufuna zatsopano. Kwinaku kwakhala kufunira zabwino abale ako ndi kufunira zabwino anthu onse olo osawadziwa, ndipo kutsidya kwake kuli kufuna kupambana ndi kufuna mphamvu kapena chuma. Ukasendera kwa uyu wamutalikira uyo, palibe amene amakhala mbali zonse za bwalo nthawi imodzi.

Tsono taona pamene mwakhala awiri inu. Amalume ako akuyankhulira ku mbali ya mwambo ndipo sakunama. Kwathu kuno mwana wa mlongo wako ndi wako, mwinimbumba akagulitsa mbuzi kuti mphwake aphunzire wachita udindo wake, komanso kupatsa nkuika. Mlimi wa ku Domwe alibe penshoni ya INSS, penshoni yake ndiwe, nde ukati chaka chino sinditumiza iwo samva za malata okha ayi, amamva kuti nkhokwe imene anadzaza zaka zonsezi yabooka pansi. Mawu akuti wataya umunthu ndi mantha amenewo atavala jekete.

Koma pa nkhani iyi ine ndili mbali yako, ndinene poyera. Mgodi si munda wa makolo. Malasha a ku Moatize anayamba kutuluka mwamphamvu mu 2011, pofika 2022 kampani ya Vale inali itagulitsa kale mgodi kwa kampani ina ya Vulcan, ndipo iwe amene uli pa kampani yongogwirira ntchito eni mgodi ukudziwa bwino kundiposa kuti kontalakiti imatha ngati sopo. Ikatha mawa iwe ulibe puloti ulibe pepala, udzatsika shapa pa Ulongwe ndi chikwama cha zovala basi, ndipo anthu omwewo amene akukuimbira lero adzakhala pa khonde nkumati zaka zonse zija ku Moatize anachitako chiyani. Ndaziona ndi maso anga kangapo. Kusunga kwakoko ndi kwa iwo omwe, kungoti phindu lake silioneka mwezi uno.

Chimene walakwitsa ndi kukana pa foni. Amalume sakanidwa pa foni mwanawe. Pempha masiku, kwera shapa, nyamula shuga ndi sopo, ukakhale pansi ndi iwo pamodzi ndi mayi ako, uwauze chiwerengero chenicheni, kuti pa mwezi ndimalandira zakuti, nyumba imadya zakuti, kumudzi ndizitumiza zakuti ndipo zizidzera kwa munthu mmodzi. Ya feteleza ibwere mu Okutobala mvula isanagwe, ya sukulu chaka chikamayamba, matenda ndi maliro zokhazo ndiye zilibe kalendala. Za malata usati ayi, unene mwezi wake. Anthu akumudzi amapirira kudikira, chimene sapirira ndi kusadziwa ngati akadali m'mutu mwako. Ndipo zikadzayenda ugule mbuzi ziwiri zazikazi ukazisiye m'khola mwawo, koma chonde usakanene kuti ndikubweza zija munagulitsa, pamenepo ndiye udzakhala wadula chibale ndi mpeni, ukangoti ndaona khola lili mbee muzindisungirako izi.

Kamodzi kokha ndikufunse, ndalama ukusungayo ikupitadi ku puloti? Chifukwa ngati ikuthera mowa wa 2M Loweruka ndi foni yatsopano miyezi isanu ndi umodzi uliwonse, ndiye kuti amalume aona bwino, ine ndabweza mawu anga.

Azakhali ndili kalasi 11 ku Ulongwe, apulofesora atipatsa ntchito yoti tilembe mitundu ya ma valores ndi zitsanzo zake. Ndithandizeni mwachangu tikapereka Lolemba.
Wophunzira, Ulongwe

Kkkk iwe, magazini ino imatuluka kamodzi pa mwezi, Lolemba lako linadutsa kalekale, ndikhulupirira sunalembe kuti ndikudikira Azakhali. Komabe werenga yankho lili pamwambapa uwerengetse ndi zala, upeza magulu 9, lakhumi ndi kukonda zokoma ndi zosangalatsa thupi, limene anzako a kalasi 11 safunika kuwaphunzitsa.

Kagawidwe kena nkakale, ka Mjeremani wina Eduard Spranger mu 1914, iye anati mitundu ndi 6. Kuti usaiwale tenga mtengo umodzi wa mbawa uimike anthu 6 pansi pake. Woyamba akuwerenga matabwa amene angatuluke ndi mtengo wake pa msika, ameneyo mtima uli pa chuma. Wachiwiri akuti musadule, agogo amapumira pano akamachokera ku chipatala, ameneyo mtima uli pa anthu. Wachitatu akuti mtengo uwu uli m'mbali mwa manda sukhudzidwa, ndi wa zauzimu. Wina wangoima kukamwa yasa akuti koma ndiye ndi wokongola bwanji. Wina akufuna kudziwa kuti uli ndi zaka zingati ndipo bwanji mbawa imakonda m'mbali mwa mtsinje. Womaliza sakuyang'ana mtengo nkomwe, akufunsa kuti pano amalamula ndani, chilolezo chodula apereka ndani, mfumu kapena a boma. Mtengo ndi umodzi womwewo. Zitsanzo zina upeze wekha, ine ndinapuma uphunzitsi.

Azakhali, ine ndine mayi wa ana anayi kuno ku Furancungo. Amuna anga ndi mkulu wa mpingo, Lamulungu amalalikira za chilungamo mpaka thukuta kamukamu, kunyumba mwana akanama olo za 10 metikali amamukwapula. Timalima fodya wa kontalakiti, kampani imatipatsa mbewu ndi feteleza pa ngongole nkudzadula pogulitsa. Chaka chatha mu Malichi njala itavuta iwo anatenga fodya wina m'chigafa usiku nkukagulitsa kwa mavenda, kwa tekiniko wa kampani ananena kuti matalala anaononga. Chaka chino achitanso koma njala kunalibe, agula wailesi ndi sola. Nditawafunsa akuti kampani nayo imatibera pa magiredi nde palibe tchimo. Amene anawanyamulira pa njinga ndi mwana wathu woyamba. Kodi bambo amenewa chilungamo amachikondadi kapena ndi pakamwa chabe?
Mayi wodabwa, Furancungo

Mayi, mwandilembera nkhani imodzi koma ine ndikuonamo ziwiri, ya chaka chatha ndi ya chaka chino, ndipo sizifanana olo pang'ono.

Ya chaka chatha ndiyambe ndi kankhani aka. Mu 1973 ku Princeton, ku America, akatswiri awiri John Darley ndi Daniel Batson anatulutsa zimene anapeza atayesa anyamata ophunzira ubusa. Aliyense anamuuza kuti apite ku nyumba ina akayankhule, ena mutu wake unali fanizo lija la Msamariya wachifundo la pa Luka 10. Panjira anakhazikapo munthu atazyolika, akutsokomola ndi kubuula ngati wadwala. Ena anawauza kuti nthawi ilipo pitani pang'onopang'ono, ena anawauza kuti mwachedwa kale akukudikirani thamangani. Mwa amene sanali pa changu, 63 pa 100 alionse anaima kuthandiza. Mwa othamanga aja, 10 okha pa 100. Ndipo kuti munthu akukalalikira za Msamariya kapena za zina sizinasinthe zambiri, ena anachita kumudumpha wodwalayo ulaliki wa chifundo uli m'mutu. Kodi tinene kuti anyamata amenewo chifundo analibe? Anali nacho, koma changu chinawatseka maso. Njala ya mu Febuluwale ndi Malichi imaposa changu kutalitali, nkhokwe ili gwaa, chimanga m'munda chisanakhwime, ana anayi akukuyang'ana, fodya ali lende m'chigafa ndipo msika wa kampani sunatsegulidwe. Sindikuti anachita bwino, bodza la matalala linali bodza ndithu, koma munthu amene sanagonepo ndi njala asafulumire kutola mwala.

Chaka chomwecho cha 1973 katswiri wina, Milton Rokeach, anagawa zimene anthu amazilemekeza pawiri, 18 ndi kumene munthu akufuna kukafika, monga banja lotetezeka, mtendere wa mumtima, moyo wosasowa kanthu, ndipo 18 zina ndi kayendedwe kake popita kumeneko, monga kunena zoona, kulimba mtima, kumvera. Iye ankauza anthu kuti aziike mu mndandanda, choyamba mpaka chomaliza, chifukwa aliyense ukamufunsa amati zonse ndi zabwino, munthu umamudziwa pamene wamuuza kuti sankha chimodzi chitsike. Chaka chatha amuna anu anatsitsa kunena zoona kuti banja lidye. Chaka chino atsitsa kunena zoona kuti amvere mpira pa wailesi. Mwaona kusiyana kwake eti.

Tsono mawu aja akuti kampani nayo imatibera, dzifunseni kuti anayamba liti kuwanena, asanagulitse koyamba kapena atagulitsa kale. Ine ndikuganiza kuti anabwera pambuyo. Katswiri wina, Leon Festinger, analongosola zimenezi mu 1957, kuti mtima wa munthu sukhazikika ukasunga zinthu ziwiri zotsutsana, ine ndine wolungama komanso ine ndanama, nde umafuna kuchotsapo chimodzi, ndipo kusiya khalidwe nkovuta pamene kupeka chifukwa nkwaulere. Chifukwa chikangopezeka ulendo wachiwiri umakhala wopepuka, wachitatu sufunanso chifukwa. Mwina magirediwo alidi ndi vuto, alimi ambiri amadandaula zimenezo, koma wodandaula za giredi amapita masana ndi alimi anzake kukakangana pa sikelo, sapita usiku ndi njinga yopanda nyale. Komanso ngongole ya feteleza ikapanda kukwana pogulitsa, amene adzasowe zipangizo chaka chamawa ndi inu nomwe.

Nde funso lanu, amachikonda chilungamo? Amachikonda, koma sichili pamene iwo amaganiza kuti chili, chatsika masitepe angapo iwo osazindikira, ndipo mwina nchifukwa chake mkwapulo ukukula kunyumba, munthu amalanga kwambiri mwa mwana chimene chikumusautsa mwa iye mwini.

Ine amene akundidetsa nkhawa ndi mnyamata wa njingayo. Iye waphunzira kale phunziro lake, kuti bodza la 10 metikali limakwapulitsa koma bodza la mabelo limagula sola. Musawayambe bambowo ndi mavesi, mavesi amawadziwa kukuposani ndipo adzakugonjetsani. Dikirani ana agone muwafunse funso limodzi lokha, kuti bambo a uje, mwanayu akadzatibera ife nkunena kuti nanunso mumabera kampani, tidzamuyankha chiyani? Mukatero mukhale chete, musawathandize kuyankha. Zikakanika muli ndi ankhoswe, nkhani iyambire kumeneko isanafike ku mpingo, chifukwa mukawavula pagulu adzateteza bodzalo mpaka kumanda.

Azakhali zikomo. Pamene tinkakwatirana amuna anga anandilonjeza kuti za gule anasiya, tinakwatitsa ku tchalitchi ndipo zaka 16 takhala bwinobwino. Chimwalirireni bambo awo chaka chatha asintha, abwerera ku gule ndipo akuti mwana wathu wamwamuna wa zaka 13 akalowe, akuti asadzakhale mlendo pa maliro a kwawo komwe. Ine ndikukana, ku mpingo angatidule komanso mwanayo ali pa sukulu. Kodi munthu amasintha chonchi atakula kale? Kapena ankandinamiza zaka zonsezi?
Mayi wa ku Chifunde

Achemwali, za kudambwe ine sindilowako, ndine munthu wamkazi ndipo si zokamba m'magazini. Koma funso lakuti munthu amasintha, limenelo ndiyankha, chifukwa ndinaliona m'nyumba mwathu momwe.

Mayi anga anali munthu wosadya chitseko chili chotseka. Aliyense wodutsa pa njira nthawi ya nsima ankaitanidwa, bambo ankachita kudandaula kuti nyumba ino ndi resitilanti. Mu 1986 nkhondo itafika ku Angonia tinathawa ngati anthu ena onse, kuwoloka msewu uja wa Dedza ndi Ntcheu umene ndi malire, tinakakhala tsidya linalo tikuona mapiri akwathu ndi maso koma osapondako. Kumeneko chakudya chinali cha pa khadi, ufa nyemba mafuta pang'ono, ndipo mayi omwe aja ndinawaona akukwirira kachitini ka mchere pansi pa mphasa, mnzawo atabwera kudzapempha anati tilibe. Ine ndinali mtsikana wamkulu kale, ndinachita manyazi mpaka ndinatuluka panja. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, patapita zaka ziwiri zitatu chitseko chinatsegukanso, odutsa anayambanso kuitanidwa, koma mpaka tsiku limene anatisiya pansi pa bedi pawo pankakhala thumba la chimanga losakhudzidwa ndi munthu, olo chaka cha zokolola zambiri. Kupatsa sikunawachokere, mantha ndi amene anakwera nkukhala pamwamba, ndipo atatsika sanatsikiretu.

Amuna anu sindikuganiza kuti ankakunamizani. Pamene anali ndi zaka makumi awiri ndi zingapo chimene chinali pamwamba chinali inuyo ndi moyo watsopano, mwambo unali pansi koma unalipo. Ofufuza aja a magulu 10 anapezanso kuti anthu akamakula amasendera ku mbali ya mwambo ndi chitetezo, zatsopano zimayamba kuwatopetsa. Kuonjezera apo aika bambo awo m'manda. Munthu akaika kholo lake amatembenuka nkuona kuti kutsogolo kulibenso wina, wamkulu tsopano ndi iye, nde amayamba kufunsa kuti zimene ankadziwa bambo zithera pa ine kodi. Si za ziwanda zimenezo, ndi chisoni chimene chikufuna pogwira.

Ndipo gule musamutenge ngati chinthu cha anthu osadziwa kanthu, UNESCO inamulemba mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia pamodzi, ndipo chaka ndi chaka mu Ogasiti mafumu athu a kuno amapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi. Chikhulupiriro chanunso si chamasewera, mwachisunga zaka 16 ndipo lonjezo linaperekedwa pamaso pa anthu, iwo ndi amene asuntha osati inu, zimenezo avomereze kaye asanayambe kulamula.

Mukafukula pansi nonse awiri mukufuna chinthu chimodzi, mwana waulemu wodziwa kwawo, wosasochera. Mwasiyana pa khomo lolowera. Ine maganizo anga ndi akuti zaka 13 ndi zochepa kuti mwana asenze mkangano wa akuluakulu, ndipo chimene munthu wamulowetsa mokoka, kaya ndi ku dambwe kaya ndi ku kalasi ya mpingo, amakachitaya pa mlatho wa Samora Machel tsiku limene adzapite ku tauni. Apitirize sukulu, lamulo la 2018 likuti mwana aphunzire mpaka kalasi 9, podzafika pamenepo adzakhala ndi pakamwa pake, mudzamufunse. Pakadali pano bambo ake amutenge ku maliro a kwawo, amuphunzitse kulonjera akulu, mayina a makolo, mbiri ya mudzi, zimenezo palibe mpingo umene umaletsa. Musaiwalenso kuti mwa Chichewa chathu mwanayo ali ndi amalume ake, alongo anu, nkhani yotere siyitha popanda iwo, ndipo amuna anu poti ndi amene akukamba za mwambo sangakane mwambo umenewo. Chimodzi chokha muwapemphe molimba, asadzamutenge mwanayo mozemba inu muli kumunda.

Azakhali ine ndimayendetsa njinga yamoto kuno ku Tete, kwathu ndi ku Tsangano. Sabata yatha kasitomala anagwetsa kachikwama, munali 9,000 metikali ndi ma khadi. Ndinapeza nambala mkatimo ndinamuimbira nkumupititsira mpaka ku Chingodzi, anangoti obrigado basi osandipatsa olo ya madzi ndi dzuwa la kuno mukulidziwa. Anzanga pa siteji akundiseka, akazi anga sakundiyankhula poti tili ndi ngongole ya nyumba miyezi iwiri. Ndinapusa?
Wa njinga, Matundo

Ayi sunapuse, koma sindikunamiza kuti mawa kugwa madalitso a 18,000, mwina sikugwa kanthu ndipo mwini nyumba abwerabe pa 30.

Anzako akusekawo asakupusitse kuti aliyense akanatenga. Mu 2019 kunatuluka kafukufuku amene anasiya tizikwama toposa 17,000 m'mizinda 355 ya m'mayiko 40, kumapereka pa mabanki, mahotela, maofesi ngati kuti wina wataya. Topanda ndalama tinabwezedwa 40 pa 100, tokhala ndi ndalama 51 pa 100, kutanthauza kuti ndalama zikakhalamo anthu amabweza kwambiri osati pang'ono, ngakhale akatswiri a zachuma amene anafunsidwa kuti alosere ankayembekeza zosiyana. Chifukwa china chimene ofufuzawo anapereka nchakuti munthu safuna kudziona yekha ngati wakuba. Iwe unatsegula kachikwamako, unawerenga mpaka 9,000, unakumbukira ngongole ya nyumba, kenako unaimba foni. Pa siteji pomwepo alipo ena amene akanaimbanso, kungoti pagulu kuseka nkotchipa.

Akazi ako usawaone ngati oipa, iwo akuyang'ana denga la ana, nalonso ndi lofunika, nde usapite kukawalalikira. Uwauze kuti ndikudziwa zakupweteka, nanenso zandipweteka, kenako mukhale pansi muone za lendiyo, kaya ndi kulowa chipereganyu ndi anzako a pa siteji kaya kukapempha mwini nyumba kuti muzipereka pang'onopang'ono pa sabata.

Pamene unapusa ndi pamodzi pokha. Kuchoka ku Matundo kupita ku Chingodzi ndi ulendo, unawotcha petulo wako ndipo unataya makasitomala. Ukanangomuuza bwinobwino kuti patrão kachikwama kanu aka, werengani, ulendo wobweretsa ndi mwakuti. Imeneyo ndi ntchito yako ya tsiku ndi tsiku, si kupempha. Nambala yake ukadali nayo m'foni, muimbire.

Amene mukutumiza mavoisi, chonde mphindi ziwiri zokwana, ndipo nenani kumene muli chifukwa yankho la munthu wa ku Songo silifanana ndi la munthu wa ku Calomue.